Magetsi Atazima mu Lifiti

Kalata yondikweza pantchito inabwera Lachiwiri.
Pofika Lachinayi dzina langa linali litatha mu ofesi monse
ngati shuga wa kukhitchini kumapeto kwa mwezi.
Mlonda wa pageti anayamba kuimirira:
"Mwadzuka bwanji, Madamu."
Anyamata owerengera ndalama: "A Manijala, fayilo ija."
Ngakhale kondakitala wa minibasi ya ku Chilenje,
amene ankati "sisi, sendera uko,"
anayang'ana nsapato zanga nati, "Amayi, khalani kutsogolo."

Ndisaname, zinkandikoma.
Zaka khumi ndi zinayi ndinali "mtsikana wa pa fotokope,"
tsopano anthu ankagogoda asanalowe.
Liwu lija ndinkalitafuna pang'onopang'ono
ngati nzimbe yoyamba ya chaka.

Koma Zelipa.
Zelipa amene tinkabwerekana naye diresi ya kutchalitchi ku Chawama,
amene ankandiluka tsitsi pakhonde la amayi ake
n'kumandikoka khutu ndikagwedeza mutu,
amene ndinamupezera ntchito yokolopa pansanjika yachisanu,
anaima pakhomo panga ndi ndowa yake,
anapinda bondo pang'ono:
"Ndikolope, Madamu, kapena ndibwere nthawi ina?"

Ndinaseka, kudikira kuti nayenso aseke.
Iye anayang'ana kapeti.
Ndinati, "Iwe, usatero."
Anati, "Chabwino, Madamu."

Miyezi isanu ndi umodzi
ulemu wake unaima pakati pathu
ngati mpanda wamagetsi wa ku Kabulonga,
wowongoka, waukhondo, wosakhudzika.
Tiyi ankandipatsa ndi manja awiri.
Ine ndinkasowa dzanja lolandirira.

Lachisanu lina poweruka,
mahutala akulongolola mu Cairo Road,
tinakumana mu lifiti, awiriwiri.
Iye anadzipanikiza pakona ndi jumbo lake.
Pakati pa nsanjika yachitatu ndi yachiwiri
magetsi anazima.
Lifiti inadzuma, inatsika pang'ono, n'kuima zii.
Mumdima dzanja lonunkha sopo wokolopera
linandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa:
"Tika! Tika iwe! Tafa!"

Misozi inanditsika, koma sanali mantha.
Chimwalirireni amayi
panalibe anandiitanapo motero.

Tinakhala pansi, miyendo titatambasula
monga pamphasa.
Anandiuza kuti ndanenepa.
Anandiuza kuti mwana wake wachisamba
wagona sabata ziwiri ku UTH,
ndipo ine, amene ndimasayina masiku ake opuma,
sindinkadziwa.
Ndinamufunsa, "Bwanji umandikwirira ndi Madamu ndili moyo?"

Anapumira m'mwamba.
"Iwe uli ndi dzina lolembedwa pachitseko.
Ine ndikati Tika pamaso pa anthu,
mawa ndimva kuti Zelipa ndi wamwano,
mkuja ndimva kuti ndi kazitape wa bwana,
anzanga aleka kulankhula ndikalowa m'khitchini.
Madamu ameneyo usamuyese wako.
Ndi yunifolomu yanga.
Ndimavala m'mawa, ndi yothina m'khwapa,
koma ndi imene imagula ufa."

Sindinayankhe.
Ndinkaganiza kuti liwu lija likundisungulumwitsa ine ndekha,
osadziwa kuti wina amalinyamula pamutu
kukwera nalo masitepe tsiku lililonse.

Jenereta inatsokomola pansi.
Kuwala kunabwerera, kunatipeza titagwirana manja.
Anaimirira, anasasa diresi,
nkhope yake anaibwezera m'malo mwake.
Chitseko chinatseguka pamaso pa mlonda
ndi anyamata awiri owerengera ndalama.

"Muyende bwino, Madamu," anatero,
bondo litapindika bwinobwino.

Koma podutsa
ananditsina pachigongono,
pamalo pomwe ankanditsina kusukulu
ndikayamba kudzimva.
Mpaka ku Chilenje, pampando wakutsogolo,
ndinkasisita pamalopo
kuti ululu usathe msanga.